Mutu 6: Zimene Pulinta Inaulula

1. Nkhope yachilendo

"Ndani wasintha nkhope ya kompyuta yangayi?"

Palibe anayankha. M'shopumo munali anthu awiri okha, ndipo mmodzi mwa iwo anali wofunsayo, Azakhali, eni ake a shopuyo.

Winayo anali Kabatani, mtsikana wa Fomu 3 amene ankakhala ndi azakhali akewo. Dzinali anamupatsa ndi Azakhali omwewo, chifukwa chiyambire ali wamng'ono sankatha kuona batani osalidina. Panthawiyi anali atagwira tsache, akusesa pamalo amene anali atasesa kale.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato. Munali tebulo, mipando iwiri ya pulasitiki, benchi la makasitomala, kompyuta yakale ndi pulinta yaikulu yotuwa. Anthu ankabwera ndi makalata olemba pamanja, ofunsira ntchito, opepesa, odandaula, Azakhali n'kuwataipira.

Kompyutayo inali yodwaladwala. Fulashi iliyonse ya kasitomala inkasiyamo mavairasi ake. Ukaiyatsa, unkatha kupita kukatunga madzi, kubwerako, n'kuipeza ikuganizabe.

Kusukulu, aphunzitsi anali atawaonetsa Linakisi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yaulere, imene anthu odzipereka a m'mayiko ambiri amaikonza mothandizana. Tsono tchuthi chitayamba, Lamlungu masana shopu ili yotseka, Kabatani anatenga makiyi pamsomali. Anasamutsira mafayilo onse a Azakhali pa fulashi yaikulu, anachotsa pulogalamu yakale, anaika yatsopano, n'kubwezeramo mafayilo aja. Kompyuta inayamba kuthamanga ngati yaona galu. Anayesa zonse, kupatula chinthu chimodzi.

Azakhali anavala magalasi, anafufuza mpaka kupeza kalata imene anataipa Loweruka, n'kudina kuti ipulintidwe. Pulinta inayatsa kanyali kobiriwira, inakhosomola kamodzi, n'kukhala chete. Anadinanso. Anadinanso kachitatu, mwamphamvu, ngati kuti pulintayo ili ndi vuto la makutu.

"Ika tsachelo pansi," anatero. "Bwera uime apa."

Kabatani anabwera.

"Iwe, tchera khutu. Kompyuta iyi ndi imene imakudyetsa. Ndi imene inakugulira nsapato wavalazo. Inali yochedwa, inde, nanga ine ndinakudandaulira? Bambo ako atakubweretsa kuno anati, 'Achemwali, mwanayu ali ndi mutu, kwathu sukulu ili kutali, mutengeni.' Ine ndinakutenga. Sindinadziwe kuti mutuwo wabwera ndi zala. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo iwe wandimangira shopu yopanda pulinta. Kalata iyi ndi ya amayi aja a yunifolomu, alonda a ku depoti ya simenti. Abwera thili koloko kudzaitenga asanalowe ntchito. Ikakwana thili koloko pulinta iyi ili duu chonchi, ukalongedze chikwama chako. Basi ya kwa bambo ako imanyamuka m'mawa uliwonse, ndipo malo sasowa."

Kwa bambo ake kunalibe magetsi. Sukulu ya kumeneko inali ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo kompyuta ankaionera pa chithunzi cha m'buku.

"Ndikonza, Azakhali."

"Unakonza kale dzulo. Taona."

2. Gulu lothandiza

Kabatani anazimitsa pulinta n'kuiyatsanso. Anazula chingwe, anachiuzira, anachilowetsa pena. Pofika teni koloko makasitomala atatu anali atawoloka msewu kupita kushopu ina. Azakhali anakhala pabenchi atapinda manja, ndipo aliyense wolowa ankamuuza kuti, "Funsani a injiniya awo."

Aphunzitsi aja anali atanena kuti Linakisi ilibe ofesi yokadandaulako. Ukakakamira, umafunsa anzako. M'tauniyo munali gulu la pa intaneti la anthu oposa mazana anayi oigwiritsa ntchito. Kabatani analowa m'gulumo n'kulemba kuti:

"Moni nonse. Pulinta yanga sikugwira. Chonde thandizeni mwachangu."

Woyamba kuyankha anali munthu wodzitcha Nyundo.

"Inenso galimoto yanga sikugwira. Tandiuza vuto lake."

Ena anaika tinkhope toseka. Nyundo anapitiriza.

"Pulinta yamtundu wanji? Linakisi yake iti? Pa sikirini palembedwa chiyani? Wayesa chiyani? Kapena ukuona ngati muno ndi mwa asing'anga, tiwombeza?"

Kabatani anayankha zimene ankadziwa. Kenako anatenga foni yake yong'aluka galasi, anajambula sikirini, n'kutumiza chithunzicho.

"Ukujambula sikirini ndi foni? Ndi ukwati?" analemba Nyundo. "Chimene ndikuona apa ndi chipumi chako ndi chitseko cha kumbuyo kwako."

"Ana a masiku ano amaika zinthu asanawerenge," anatero wina.

"Abwerere kumene anachokera, kumene amangodina mabatani n'kupemphera," anawonjeza winanso.

Azakhali anali ataimirira kumbuyo kwake, akuwerenga.

"Anzako othandiza aja ndi amenewa? Akukutukwanatu."

"Ndi mmene amayankhulira, Azakhali."

"Chaulere chimabwera ndi mwano wake."

Pamwamba pa gulupo panali uthenga wokhomedwa, wa malamulo a anthu atsopano, wolembedwa ndi oyang'anira gulu amene onse ankawatcha a Ndevu. Kabatani anautsegula, anaona kutalika kwake, anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kuutseka. Thwelofu koloko inali itadutsa.

"Tamvera," analemba Nyundo. "Tsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo. Ulembe lamulo limene ndikutumizali. Likuonetsa logi ya pulinta, ndiye kuti kaundula amene kompyuta imalembamo chilichonse chimene yachita ndi pulintayo. Ukopere yonse uike muno. Yonse. Usadule mzere ndi umodzi womwe, chifukwa iweyo sudziwa wofunika ndi uti. Ndili ndi mphindi khumi, kenako ndikupita kukadya."

Kabatani analemba lamulolo chilembo ndi chilembo. Mizere inatsika pa sikirini ngati linthumbu, ya Chingerezi ndi manambala, yoposa mazana awiri. Anawerenga itatu yoyamba, osatolapo kanthu. Anaikopera yonse n'kutumiza.

3. Mzere wa 14

Nyundo anali ndi pakamwa poipa, koma ntchito yake ankaidziwa.

"Mzere wa 61," analemba. "Dalaivala palibe."

"Dalaivala?" anafunsa Azakhali. "Pulinta yanga yasanduka lole?"

"Ndi kapulogalamu komasulira, Azakhali. Kompyuta ikayankhula, ndi kamene kamauza pulinta m'chinenero chake."

"Wakale uja anali ndi womasulira wake, ndipo sankamusiya kunyumba."

Nyundo anatchula dzina la kapulogalamuko ndi lamulo lokaikira. Kompyuta inafunsa mawu achinsinsi, Kabatani analemba, mizere inayendanso. Kenako anauzidwa kuti achotse pulinta pamndandanda, aiwonjezerenso, n'kusankha mtundu wake.

Pulinta inadzuka. Inakoka pepala, inakokanso lina, n'kuyamba kulavula masamba odzaza timitima, timivi ndi zilembo zimene palibe sukulu imaphunzitsa. Azakhali anathamangira pakhoma n'kuzimitsa magetsi.

"Mapepala anga!"

"Ndati usankhe yothera ndi 20, iwe wasankha yothera ndi 25," analemba Nyundo atauzidwa. "Maso unasiya kwanu?"

Kabatani anayambiranso. Nthawi itangodutsa thu koloko, pulinta inakoka pepala limodzi lokha, inaliyendetsa modekha, n'kulitulutsa lili lofunda. Inali kalata ya amayi alonda ija, yoyera bwino, mizere yowongoka.

Azakhali anaiwerenga yonse. Anaiyang'ana kumbuyo. Anaipinda patatu, anaiika mu envelopu yopanda dzina, n'kuitsekera m'dilowa ndi kiyi.

"Mm," anatero. Kwa Azakhali, kumeneko kunali kuyamikira. "Chikwama chija chisiye kaye. Choka pampando wanga."

Kabatani anakakhala pabenchi ndi foni yake. Mwambo wa m'gulumo unali wakuti vuto likatha, umabwerera kukanena chimene chalithetsa, kuti wina wodzakumana nalo asadzafunsenso. Analemba zonse mwandondomeko, n'kuthokoza Nyundo.

"Zikomo wakoyo sunga," anayankha Nyundo. "Koma mzere wa 14 wandisangalatsa."

Kabatani anakweza chala pa foni mpaka kupeza logi ija.

Azakhali sankakhulupirira mayina afupiafupi a mafayilo. Kale anatayapo kalata ya kasitomala pakati pa "kalata 1" ndi "kalata 1 yatsopano", ndipo kuyambira tsiku limenelo fayilo iliyonse ankaipatsa dzina lonena zonse. Logi inali italemba dzina la kalata imene inalephera kupulintidwa m'mawa. Inalilemba katatu, kamodzi pa kudina kulikonse:

"Mayi mlonda wa ku depoti ya simenti, dandaulo kwa a manijala pa za a kapitawo ndi matumba otuluka pageti, ASALEMBEDWE DZINA."

Pansi pa uthenga wake woyamba, Nyundo anali atawonjeza wina.

"Depoti ya simenti m'tauni muno ilipo imodzi. Mlonda wamkazi alipo mmodzi. Makompyuta a kumeneko ndimakonza ndine, ndipo a kapitawo ndi alamu anga. Dziko ndi laling'ono, eti?"

4. Mawu a oyang'anira gulu

Sipanapite mphindi zisanu, logi ija inazimiririka, ndi mauthenga a Nyundo omwe. A Ndevu, amene anali chete tsiku lonse, analemba.

"Ndachotsa logi ija. Koma yakhala pano maola awiri, ndipo amene anafuna kuijambula waijambula. Madzi akatayika sawoleka. Iwe mwana watsopano, lamulo lachiwiri pa uthenga uli pamwambawo limati: werenga chimene ukutumiza, ndipo mayina a anthu, mayina a mafayilo ndi mawu achinsinsi uyambe wafuta. Lakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Sitinalilembe pofuna kukongoletsa gulu. Kompyuta ilibe manyazi, imalemba zonse zimene yaona, ndipo woitseka pakamwa ndi mwini wake. Munthu akakuuza kuti fulumira, imeneyo ndiye nthawi yowerenga kawiri. Muno timagawana nzeru zathu chifukwa ndi zathu. Nkhani za makasitomala ako si zako, sungagawire anthu. Ndipo iwe Nyundo, unamuuza mwanayu kuti asadule kanthu ukulidziwa bwino lamulolo. Wokonza mipope akalowa m'bafa la eni ake salengeza zimene waona. Ndakuchotsa m'gulu mpaka tidzakambirane. Koma pakamwa pako sindingathe kupachotsa, ndipo zimenezo mwanayu azidziwe."

Palibe anaikanso kankhope koseka.

Kabatani anakweza maso. Azakhali anali akutaipa kalata ya mnyamata wina wofunsira ntchito, akung'ung'udza nyimbo. Anali atazindikira kuti kompyuta sikuimanso pakati pa mawu, koma sakananena. M'gulumo simunatsale chilichonse choti munthu angaone. M'shopumo munalibe wina wodziwa.

Wofunsira ntchito uja atatuluka, Azakhali anatembenuka.

"Pita kusitolo ya pafupi ndi siteshoni ukatenge mapepala. Uwauze kuti ndi a kuno. Anga watsala pang'ono kuwamaliza ndi timitima tako."

Kusiteshoni kunali kutali. Wopita nthawi imeneyo akanabwerako folo koloko itayandikira, amayi alonda atabwera n'kupita.

Kabatani anaimirira. Anafika pakhomo, anaponda panja ndi phazi limodzi, n'kuima pomwepo.

"Wamera mizu?"

"Ndipita ikadutsa thili koloko, Azakhali."

"Iwe ndiye wayamba kundiikira nthawi?"

Kabatani sanasunthe.

5. Thili koloko

Amayi alonda anafika nthawi yake yeniyeni. Anali aatali, atavala yunifolomu ya buluu yositidwa bwino ndi nsapato zolemera, chipewa chili m'manja. Anamulambalala Kabatani pakhomo ngati akulambalala mpando.

"Mwaswera bwanji, amayi? Yatheka?"

"Yatheka, amayi," anatero Azakhali, akutsegula dilowa.

"Musatenge kaye kalatayo," anatero Kabatani.

Onse awiri anamuyang'ana.

Anafotokoza ali chiimire, manja kumbuyo. Ananena za logi, za mzere wa 14, za Nyundo ndi alamu ake. Sanadumphe pakuti malamulo anawatsegula n'kuwatseka osawerenga. Kenako anapereka foni kuti awerenge okha mawu a a Ndevu.

Azakhali anavula magalasi n'kuwaika patebulo mwapang'onopang'ono.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndataipa m'chipinda muno," anatero. "Ndataipa makalata othetsa maukwati. Ndataipa a anthu opempha tchuthi chokagonera kuchipatala, pamene akwawo sakudziwa kuti akudwala. Ometa tsitsi awa akhala akundinyengerera kuti ndiwabenthulireko nkhani, sanamvepo ngakhale kadontho. Ukuganiza kuti anthu amabwera kuno chifukwa cha pulinta? Mapulinta ali paliponse, patsidya apo pali atatu. Amabwera chifukwa pakamwa panga pali loko. Munthu akakupatsa pepala lake kuti utaipe, wakuvulira zovala, ndipo iwe umayang'ana kumbali n'kugwira ntchito. Iweyo tsiku limodzi lokha wakaimika mayiyu pamsika, anthu mazana anayi akuonerera. Pulinta yagwira, ndaona. Koma chikwama chija ukalongedze."

Amayi alonda anali akuwerengabe pa foni. Atamaliza anaibweza kwa Kabatani osamuyang'ana.

"Dzina lalitali lija analemba ndani?" anafunsa.

Azakhali anakhosomola. "Ndine. Koma ndinalemba m'kompyuta yanga, m'chipinda changa."

"Ine ndinati dzina langa lisalembedwe."

"Ndipo silinalembedwe."

"Inde. Munangolemba zina zonse."



Foni ya amayiwo inalira m'thumba la malaya. Anaitulutsa, anaona dzina, n'kuitembenuzira kwa Kabatani kuti naye aone. Inali ya a kapitawo. Anaisiya ikulira mpaka inatopa yokha.

"Miyezi inayi," anatero, tsopano akumuyang'ana mtsikanayo m'maso. "Miyezi inayi ndakhala ndikuona matumba akutuluka pageti langa, a kapitawo akundiuza kuti cholembera chisakhudze buku. Tsiku lodzawerenga katundu, wofunsidwa ndi ndani? Wapageti. Ndinaganiza kuti ndilembe mwakachetechete, a manijala afufuze okha, ine ndizingotsegula ndi kutseka geti. Ana anga atatu amadya ntchito imeneyi. Iwe wandigulitsa kuti pulinta ilire."

"Pepani, amayi."

"Pepaniyo ndipite naye kuti? Ndikamuonetse a kapitawo?"

Kabatani anayang'ana pansi.

"Dzutsa mutu, ndikuyankhula nawe. Uthenga anafuta. Azakhali akowa samadziwa. Ukanakhala chete ndikanadziwa bwanji kuti ndiwe?"

"Simukanadziwa."

"Nanga wandiuziranji?"

"Mukanakalowa pageti musakudziwa kuti akudziwa."

 Nkhope ya amayiwo sinafewe. Foni inayambanso kulira, ndipo ulendo uno anaizimitsiratu.

Anatenga envelopu ija patebulo, anaing'amba m'mbali, n'kuwerenga kalatayo ali chiimire, kuyambira pa deti mpaka pamene panayenera kukhala dzina.

"Amayi, tapatukani pampandopo," anauza Azakhali. "Iwe, khala apo."

"Mwanayu sakhudzanso kompyuta yanga," anatero Azakhali.

"Kalata ndi yanga. Khala apo."

Kabatani anakhala. Anatsegula fayilo ija.

"Pita pansi penipeni. Lemba dzina langa lonse. Pansi pake nambala yanga ya ntchito."

Anatchula chilembo chimodzichimodzi, Kabatani akulemba. Mtsikanayo analakwitsa kawiri, ndipo kawiri konse amayiwo anagogoda patebulo ndi chala. Pulinta inakoka pepala n'kulitulutsa bwinobwino, ngati kuti tsiku lonse sinalakwire munthu.

Amayi alonda anasolola cholembera m'thumba la pachifuwa, anawerama, n'kusaina. Anapinda kalatayo okha n'kuiika m'chipewa.

"Amayi, mwaganiza bwino?" anafunsa Azakhali. Mawu awo anali atatsika. "Mwanayu ndithana naye ine. Mawa lomweli akhala atachoka m'tauni muno."

Amayiwo anavala chipewa chija, kalata ili m'kati. Atafika pakhomo anatembenuka. Sanayang'ane Kabatani, anayang'ana Azakhali.

"Mtsikanayu asapite kulikonse. Mawa seveni koloko ndimupeze pakhomo pano atavala yunifolomu yake ya sukulu. Apita nane ku depoti, akafotokoze yekha kwa a manijala mmene nkhaniyi yatulukira."